Kabuku ka ntchito yanga yojambula zovala ndi nkhope, 2024

Januwale, ku Chilomoni

Chaka chathachi ndinachiyenda m'chimbulimbuli. Ndinajambula maukwati, zinkhoswe, maphwando a ana, ngakhale tizithunzi ta pa ziphaso, koma Disembala itakwana sindikanatha kuuza munthu kumene ntchito yanga ikulowera. N'chifukwa chake ndayamba kabuku aka. Chimene ndikufuna ndikuchidziwa bwino: kujambula zovala ndi nkhope, kuti telala wa ku Limbe kapena wopaka zodzoladzola wa ku Namiwawa akafuna kuonetsa anthu luso lake, foni yoyamba aziimbira ine. Maukwati sindiwasiya lero, ndi amene akundilipirira lendi. Koma Loweruka lililonse limene ndilibe ukwati ndalipatulira ntchito imeneyi.

Zida zimene ndili nazo ndi izi: Canon 6D, kamera imene inatuluka mu 2012, yomwe ndinaigula kwa munthu wobwera nayo kuchokera ku Johannesburg, lenzi imodzi ya 50mm f/1.8; fulashi imodzi ya Godox ndi ambulera yoyera yofewetsera kuwala kwake; laputopu imene batire yake siifika ola. Ndinali nditasunga ndalama za lenzi ya 85mm, imene imajambula nkhope popanda kukulitsa mphuno kapena kutalikitsa makutu. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo ndalama zimene zinali zokwanira Lachitatu zinali zoperewera pofika Lachisanu. Ndayambanso kusunga.

Febuluwale, ku Limbe

Ntchito yoyamba yachitika, ndipo ndalephera pamalo amene sindinkayembekezera.

Pali mayi wina wosoka kufupi ndi msika wa Limbe, amene anasokera mlongo wanga diresi la pa chinkhoswe. Ndinawapempha kuti ndijambule madiresi awo asanu mwaulere, iwo atenge zithunzi, ine ndikhale ndi zoonetsa. Anavomera. Mvula inali ikugwa kuyambira m'mawa, ndiye tinajambulira pakhonde la sitolo yoyandikana nawo. Kuwala kwa pakhonde n'kwabwino: kumalowa mbali imodzi, n'kofewa, sikuboola maso. Mtsikana amene anavala madiresiwo ndi mdzukulu wawo, sanaimepo kutsogolo kwa kamera, koma anazolowera msanga.

Nditawatumizira zithunzi, anakhala chete tsiku lonse. Mawa lake ndinapita ndekha. Anatulutsa foni, n'kuika chithunzi pambali pa diresi lenilenilo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, chithunzi n'chokongola, koma chitenje ichi si changa. Munthu akaitanitsa diresi ili kuchokera ku Lilongwe, akalandira adzati ndamunamiza."

Ananena zoona. Chitenjecho n'chofiira ngati magazi, chokhala ndi timizere takuda. Pachithunzi chinatuluka chofiirira ngati njerwa, ndipo pamapewa timizere tina tinasungunukiratu, panangotsala chigamba chofiira. Ine ndinali nditayang'anitsitsa nkhope, nsaluyo osaiona n'komwe. Pa ukwati palibe amene amakufunsa ngati mtundu wa suti uli ndendende. Kwa telala, nsaluyo ndiye malonda.

Usiku umenewo ndinafufuza chimene chinachitika. Kamera imalemba mitundu itatu payokhapayokha, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo nsalu yofiira kwambiri imadzaza mbali ya wofiira mpaka kusefukira pamene chithunzi chonse chikuoneka ngati chili bwino. Pasefukirapo sipabwereranso. Kuonjeza apo, khoma la sitolo ija linali lachikasu, ndipo linkathira mtundu wake pa chilichonse. Ndiye kuyambira pano ndikuyang'ana histogram, kagirafu ka pa kamera koonetsa kuchuluka kwa kuwala, pa mitundu yonse itatu, ndikujambula RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona) nthawi zonse, ndipo chithunzi choyamba pamalo alionse chizikhala cha khadi yotuwa yoyezera mtundu. Koma njira imene yandithandiza koposa ndi ya mayi aja eniake. Anatenga lumo, n'kudula kachidutswa ka nsalu iliyonse, n'kundipatsa. Pokonza zithunzi ndimakhala pazenera masana, kachidutswa kudzanja lamanzere, kufananitsa ndi zimene zili pa laputopu.

Tinajambulanso Loweruka lotsatira. Anaziona n'kungoti, "Ee, ichi ndiye changa."

Epulo

Mwezi uno wonse ndauthera pa khungu, ndipo ndilemba zambiri chifukwa nkhaniyi yandigwira mtima.

Ndinakumana ndi mtsikana wopaka zodzoladzola amene akuyamba kumene ngati ine. Tinagwirizana kuti tijambule nkhope zinayi, iye apake, ine ndijambule. Mmodzi mwa atsikana amene anabwera ndi wakuda bii, khungu losalala lonyezimira, lotere kuti kuwala kukaligunda m'mbali limaoneka ngati mtengo wa phingo wopukutidwa. Titamaliza, akuona zithunzi kumbuyo kwa kamera, anandinong'oneza kuti anzake asamve: "Achimwene, mukamakonza mundiyeretseko pang'ono."

Mawu amenewa si achilendo kwa ine. Pa maukwati ndawamva kambirimbiri, ndipo ndivomere kuti ndakhala ndikuchita. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, muli kachingwe kamodzi kokweza kuwala kwa mtundu wa olenji, pamene pamakhala khungu la munthu. Ukakakokera kumanja, munthu amayera m'kanthawi kochepa. Ndinkakakoka osaganiza, chifukwa kasitomala akasangalala amalipira msanga. Koma tsiku limeneli ndinali nditangoona ndi maso anga kukongola kwa khungu lake, ndipo iye akundipempha kuti ndilifufute.

Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, n'chifukwa chiyani?" Anayankha kuti pa zithunzi zonse zimene anajambulitsapo amatuluka ngati mthunzi, maso ndi mano okha. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mbali ina ya mlanduwu ndi yathu ojambula. Si onse amene amapempha kuyeretsedwa chifukwa chodana ndi khungu lawo. Ambiri sanaonepo chithunzi chawo chojambulidwa bwino. Timawaimika padzuwa la masana, kumbuyo kuli khoma loyera kapena mitambo, kamera n'kuyeza kuwala kwa khomalo, nkhope n'kumira mumdima. Kenako timaikweza pa kompyuta, n'kutuluka yotuwa ngati yothiridwa phulusa.

Vutoli ndi lakale kuposa ife. Kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumizira otsuka zithunzi makhadi oyezera mtundu, otchedwa Shirley, ndipo pa makhadiwo panali chithunzi cha mzimayi wachizungu. Makina ankachunidwa kuti khungu limenelo lituluke bwino, ena onse azionera okha. Makamera a lero ndi abwino kwambiri kuposa filimu ya nthawi imeneyo, koma maphunziro ambiri a pa YouTube amene ife timaphunzirirapo amaonetsabe nkhope zoyera, ndipo ukangotsatira manambala awo osaganiza, munthu wa ku Ndirande umulakwira.

Zimene ndapeza poyesa ndi izi. Khungu lakuda silifuna kuwala kochuluka, limafuna kuwala kotambalala. Limaoneka maonekedwe ake chifukwa cha kunyezimira, ndiye chowunikira chikakhala chachikulu ndiponso chapafupi, kunyezimirako kumayenda pang'onopang'ono kuchoka pamphumi, kutsika patsaya mpaka kuchibwano, ndipo nkhope imadzuka. Fulashi yamaliseche imangosiya kadontho koyera pamphuno. Ambulera yanga ndimaisendeza mpaka itatsala pang'ono kulowa m'chithunzi, ndipo mbali inayo ndimaika chithabwa choyera cha thovu chimene ndinachitola m'katoni ya filiji. Chobwezera kuwala cha golide, chimene ambiri amati n'chabwino kwa anthu akuda, ndachisiya: chimasandutsa khungu kukhala ngati lalanje. Choyera kapena chasiliva ndicho chikusunga mtundu weniweni. Ndipo ndikuyeza kuwala pa tsaya la munthu, kamera ili pa manyuwo, osailola kudzisankhira.

Mnzanga wopaka uja nayenso anaphunzirapo chake. Paudala wina woyera amene amamuthira m'munsi mwa maso saoneka ndi maso, koma fulashi ikawomba amabweza kuwala, munthu n'kuoneka ngati wagwera mu ufa. Tsopano tisanayambe timajambula chithunzi chimodzi choyesera ndi fulashi, iye n'kukonza. Amasakanizanso mitundu iwiri kapena itatu ya faundeshoni, chifukwa m'masitolo athu mitundu yoderako ndi imene imasowa, m'dziko la anthu akuda. Zimenezi zimandipweteka ndikaziganiza, makamaka ndikadutsa pamsika n'kuona mabotolo a mafuta oyeretsa khungu ali mbwee, ena okhala ndi hydroquinone kapena mercury, amene amaononga khungu, ndipo mercury amafika mpaka ku impso. Mafutawo akugulitsidwa ndi zithunzi. Zithunzizo anakonza ndi munthu wa ntchito ngati yanga.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti sindimuyeretsa, koma ndichotsa tiziphuphu tiwiri timene tinatuluka sabata imeneyo. Ndinamutumizira. Anayankha kuti "zikomo" basi. Sindinamufunsenso.

Meyi

Ndikudutsa pa Ginnery Corner pa minibasi ndinaona nkhope imene ndikuidziwa pa chikwangwani cha saluni ina. Chithunzi changa, chimodzi mwa za mu Epulo, dzina langa atalidula, mtsikanayo atamuyeretsa okha mpaka milomo kutuwa. Anachitenga pa Facebook.

Ndinatsika siteji yotsatira n'kubwerera wapansi. Mwini saluniyo sanaone cholakwika: chinali pa intaneti, ndiye n'cha aliyense. Ndinawafotokozera modekha kuti lamulo la umwini wa luso la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe loyang'anira umwini wa luso la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, si la oimba okha. Ndinawauzanso kuti mwana wa eni akeyo sanavomere kuti nkhope yake igulitse meshi. Anachichotsa patapita masiku atatu. Ndalama sindinalandire, ndipo sindinaumirire.

Koma nkhaniyi yandikakamiza kuchita zimene ndinkazengereza. Ndalemba pepala la mgwirizano la tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Likunena kuchuluka kwa zithunzi, tsiku lozipereka, ndi kumene zikagwiritsidwe ntchito: mtengo wa zithunzi za pa Instagram ndi WhatsApp ndi wina, wa pa chikwangwani kapena m'nyuzipepala ndi wina. Likunenanso kuti palibe wosintha mtundu wa khungu ndikapereka. Pali pepala lina la modelo, loti asainire kuti wavomera, ndipo ngati sanakwane zaka 18 asainire ndi kholo. Theka la ndalama lizibwera pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lisanafike. Poyamba ndinkachita manyazi kutchula zimenezi kwa anthu akuluakulu, ndimaona ngati ndikuwakayikira. Ndaona kuti amene ali ndi bizinesi yeniyeni amalemekeza pepala. Ndatenganso TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, chifukwa kampani ikafuna kukulipira imayamba yafunsa imeneyo.

Julayi, ku Thyolo

Tsiku labwino koposa chaka chino. Mnyamata wina wosoka majekete a chitenje okhala ndi nsalu yofunda m'kati anafuna zithunzi za nyengo yozizira, ndipo ndinamuuza kuti tidikire chiperoni. Anandiyang'ana ngati ndapenga, poti aliyense amafuna dzuwa. Koma nkhungu ija imene imachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique n'kudzakuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre mu Juni ndi Julayi ndi ambulera yaikulu kuposa iliyonse imene ndingagule. Kuwala kumachokera paliponse, mthunzi woipa pansi pa maso palibe, ndipo mitundu ya chitenje imalankhula.

Tinanyamuka mbandakucha, anthu asanu m'galimoto yobwereka. Chilolezo cholowa m'munda wa tiyi ndinali nditapempha sabata yapita; minda imeneyi ili ndi eni ake, sungangolowamo ndi kamera. Tiyi wobiriwira kumbuyo, nkhungu itadula mitengo pakati, jekete lachikasu ndi lakuda kutsogolo. Vuto linali limodzi: masamba amaponya ubiriwiri pansi pa chibwano, ndiye chithabwa changa choyera chinagwiranso ntchito, chitagwiridwa m'chiuno. Lenzi inkachita nthunzi pafupipafupi. Mtsikana amene anavala majeketewo ankanjenjemera, ndipo ndinaphunzira kuti fulasiki ya tiyi ndi bulangeti ndi zida za ntchito monga batire.

Tikujambula, amayi othyola tiyi anadutsa ndi madengu kumsana. Wosoka uja anati tiwaike kumbuyo kwa modelo, chithunzi chikhale ndi moyo. Ndinakana. Jekete limodzi lija mtengo wake ukuposa zimene amayiwo amalandira pa masiku ambiri a ntchito, ndipo sanabwere kudzakhala maluwa a malonda athu. Tinawapatsa moni, iwo n'kuseka kuona mtsikana atavala nsapato zazitali m'matope, n'kupitirira.

Ogasiti

Maukwati anayi, za mafashoni palibe. Magetsi anazima ndikukopera zithunzi za ukwati wina, ndipo kwa maola angapo ndinkaganiza kuti zatayika. Zinapezeka pa khadi yosungira zithunzi ya m'kamera. 6D ili ndi malo a khadi imodzi yokha, ndiye tsopano sindifufuta khadi mpaka zithunzi zitakhala malo awiri. Ndalama zina za lenzi zapita ku hadi dilaivi yachiwiri.

Okutobala

Lenzi ya 85mm f/1.8 yafika, yogwiritsidwapo kale ntchito koma galasi lake lili bwino. Ndinaiyesera pansi pa mitengo ya jakaranda, imene mwezi uno yatsanulira maluwa ake m'misewu ya Blantyre. Dzuwa la Okutobala ndi lankhanza, ndiye ndikujambula kuyambira 5:30 m'mawa mpaka cha m'ma 7, kapena ola lomaliza lisanalowe. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimafewetsa dzuwa la madzulo n'kulipatsa kufiira kumene kumagwirizana ndi khungu lathu. Masana zodzoladzola zimasungunuka tisanayambe n'komwe.

Ntchito yaikulu yoyamba yolipidwa bwino yabwera kudzera kwa mayi a ku Limbe aja. Anauza mnzawo amene ali ndi sitolo ya zovala ndipo amatumiza katundu kwa Amalawi okhala ku South Africa ndi ku Britain. Zovala 24, tsiku limodzi, khoma loyera. Ntchito yotere ilibe ulemerero koma imafuna mwambo: kamera pa miyendo itatu, tepi pansi posonyeza poima modelo, fulashi pa mphamvu imodzimodzi, liwiro lojambulira pa 1/160 ya sekondi kuti ndisapyole 1/180 imene 6D imalola ndi fulashi. Chovala chilichonse kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ndi chithunzi chimodzi chapafupi choonetsa msoko. Simbi inagwira ntchito kuposa kamera. Ndinabwera kunyumba ndi tizidutswa 24 ta nsalu m'thumba. Popereka ndinadula zithunzi pa 4:5 (m'lifupi 4, m'litali 5) kuti zikwane pa Instagram, ndipo ndinazitumiza ngati document, chifukwa WhatsApp ikazilandira ngati zithunzi wamba imazifinya, timaluwa ta pa chitenje n'kusanduka phala.

Mwezi womwewu ndataya ntchito ina. Munthu wogulitsa mawigi anafuna zithunzi khumi, ndipo ndalama zake zinali zabwino. Atawerenga pepala langa anaima pa mzere wa khungu uja. Anati makasitomala ake amakopeka ndi atsikana oyera, ndiye mwina ndipeze oyera okhaokha kapena ndiwayeretse. Ndinamuonetsa zithunzi za mu Epulo ndi za ku Thyolo. Anaziyamikira, koma sanasinthe maganizo, ndipo anapita kwa wina. Usiku umenewo tulo sitinabwere, poti lendi ya Novembala inali isanakwane. Mzerewo sindinauchotse.

Novembala

Mafuta a galimoto asowa, mizere pa mafilingi siteshoni ikufika kutali, ndipo mtengo wa minibasi wakwera. Ulendo wa ku Senga Bay umene tinakonza wojambula zovala za kunyanja tauimitsa. M'malo mwake ndasandutsa chipinda chochezera kukhala situdiyo: mipando kukhoma, nsalu yotuwa ya mamita atatu pa chitsulo cha makatani. Ndi yopapatiza, munthu wathunthu sakwanamo bwino, koma ya nkhope ikukwanira.

Ndawerengera za chaka chino. Maukwati akadali patsogolo pa ndalama, koma kuyambira Julayi mwezi uliwonse kupatula Ogasiti kwabwera ntchito ya zovala kapena ya nkhope yolipidwa, ndipo zonse zabwera kudzera m'kamwa mwa atelala ndi opaka zodzoladzola, osati pa Instagram pamene ndinkathera mabandulo. Pamene ndikufookabe ndi pouza modelo mmene aimire. Ndimadziwa kuwala kumene ndikufuna, koma manja a munthu ndimasowa kowaika, ndipo zithunzi zanga zambiri munthu wagwira m'chiuno. Ndapempha mtsikana wina amene wayendapo pa ziwonetsero za mafashoni kuti tikhale limodzi masana amodzi, andiphunzitse mawu amene iwo amamva msanga.

Sabata yatha mtsikana wa mu Epulo uja anandiimbira. Akufuna zithunzi zina, zoti atumize kwa okonza chiwonetsero china ku Lilongwe, ndipo anafunsa mtengo. Za kuyeretsa sanatchule. Anangoti ndibwere ndi chithabwa choyera chija. Tapangana Loweruka pa 7 Disembala, 6 koloko m'mawa, kuno kunyumba. Mnzanga wopaka wavomera kubwera, ndipo mayi a ku Limbe atibwereka madiresi awiri, limodzi la buluu wakuda, lina lofiira lija.